Ku Chainda ma Fomu abwerera, akale a pasukulu ayambanso kulonjeza

Mtengo wa unga suchoka pakamwa pa anthu a ku Chainda mu Lusaka, koma miyezi ino wapeza wopikisana naye. Nkhani ndi ya ma Fomu. Kuyambira chaka cha 2025, mwana wochoka ku pulayimale salowanso Giredi 8, amalowa Fomu 1, potsatira ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene boma linakonza mu 2023. Akuti m'tsogolomu pulayimale izithera pa Giredi 6, sekondale ikhale ya zaka zinayi, ndipo wofuna kupitirira apeze Fomu 5 ndi Fomu 6. Makolo achinyamata akukanda mitu. Amene asangalala ndi madala a pansolo kuseri kwa msika. Iwowa anaphunzira nthawi ya ma Fomu, boma lisanawasandutse ma Giredi m'zaka za m'ma 1980, ndipo anatopa kale ndi adzukulu owafunsa kuti Fomu 3 ndiye Giredi chani. Tsopano akuti dziko lazindikira pomwe linasocherera. Mdala wina, amene komboni yonse ikudziwa kuti analekezera Fomu 2, wayamba kuyenda ndi bolopeni pathumba la shati, ndipo ana a Fomu 1 akamadutsa amawaimitsa n'kuwauza kuti apereke ulemu kwa wamkulu wawo.

M'nyumba zina muli chisokonezo chenicheni. Pabanja lina cha kumsewu wopita ku Chelstone, mwana wamkulu ali Giredi 10, wopondana naye ali Fomu 1. Agogo awo atabwera kuchokera ku Petauke anangomva "wani" yekhayo, n'kugwira pakamwa: mwana wamtali chonchi kumubweza ku wani, walakwanji? Anawafotokozera mpaka nsima kuzizira. Tsiku lobwerera kumudzi anamuitanabe mwanayo pambali n'kumuuza kuti alimbe mtima, kubwereza kalasi si imfa.

Zonsezi zimafika pagulu la WhatsApp la ife amene tinaphunzira pasukulu ina ya pulayimale ya m'dera lino. Dzina la sukuluyo ndilisunga, chifukwa ahedi amene alipo pano sanatilakwire kanthu. Pagululi pali amene akadali mu Chainda momwemo, pali amene anawolokera kumayadi ku Avondale, ku Salama Park ndi ku Ibex Hill, pali a ku Johannesburg, ndi awiri atatu a ku Britain amene amalemba pakati pa usiku. Tili ndi atcheyamani amene sitikumbukira kuti tinawasankha liti. Tili ndi amayi amene amatumiza vesi tambala asanalire, ndi abambo amene amayankha uthenga uliwonse ndi chala chachikulu, ngakhale wa maliro. Pa maliro pomwepo ndi pomwe gululi limaonetsa mphamvu zake. Wina akataya kholo, dzuwa lisanalowe ndalama za bokosi, za basi yopita kumanda a ku Chingwere kapena a ku Leopards Hill, za malasha ndi kabichi zimakhala zakwana. Koma wina angotchula zokonza zimbudzi za pasukulu, foni za anthu onse zimathera moto nthawi imodzi.

Chimene chadzutsanso nkhani yothandiza sukulu ndi kudzaza kwa makalasi. Boma la a Hakainde Hichilema litachotsa fizi kuyambira ku nasale mpaka Giredi 12 mu Januwale 2022, ana amene anali pakhomo anakhamukira kusukulu, ena mwa iwo ndevu zitayamba kale kumera. Palibe kholo la mu komboni limene lingakuuzeni kuti likufuna fizi ibwerere. Ife akale timakumbukira bwino momwe ankatibwezera pageti chifukwa cha ndalama ya PTA, ngakhale a Levy Mwanawasa anali atalengeza mu 2002 kuti Giredi 1 mpaka 7 ndi yaulere. Timakumbukira chitini cha polishi wa Cobra ndi mtolo wa mapepala zimene mwana aliyense ankayenera kubweretsa poyamba chaka. Mpaka lero pagulu pathu pali mkangano wosatha wa kumene Cobra yense uja ankapita, chifukwa simenti ya m'kalasi mwathu sinawalepo. Koma ulerewu wabwera ndi katundu wake. M'makomboni a Lusaka muli makalasi opitirira ana 100. Aphunzitsi 30,496 amene boma linalemba ntchito mu 2022 anathandiza, koma mphunzitsi si chipinda. Mayi wina wogulitsa tomato pamsika akuti mwana wake amakhala kumbuyo kwenikweni, moti zimene aphunzitsi anena zimamufika zitadutsa m'makutu a anzake asanu, zitasintha kale. Akuti tsiku lina anabwera kunyumba akunena kuti likulu la chigawo cha Kummawa ndi chapati.

Madesiki nawo ndi nkhani. Ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Zina mwa izo zimagula madesiki ndi kulipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Chiyambire pamenepo, aliyense wodziwa kugwira sowo ku Chainda anasanduka kampani. Pali makopaletivu amene mamembala ake onse amadya mbale imodzi: atcheyamani ndi bambo, msungichuma ndi mayi, mlembi ndi mwana wa Giredi 11. Amene sanapatsidwe kontirakiti akuti opatsidwawo ali ndi abale kukhonsolo. Amene anapatsidwa akuti ndalama zimachedwa mpaka mtengo wa matabwa kukwera kawiri. Ine ndingoti ndaonadi madesiki atsopano akutsitsidwa pa lole, ndipo ndaonanso mwana atanyamula kampando ka kunyumba pamutu akupita kusukulu. Zonse ziwiri ndi zoona.

Amene sakufuna kuti mwana wawo apanikizike amamupititsa ku timasukulu tapulayiveti timene tamera m'nyumba za anthu. Nyumba ya zipinda zitatu, chikwangwani chachikulu kuposa chitseko, dzina lothera ndi Academy, pena International. Wina pagulu anafunsa kuti International yakeyo ili pati, mnzake n'kuyankha kuti ndege zopita ku Kenneth Kaunda International Airport zimadutsa pamwamba pa denga lake. Kumapeto kwa chaka timasukuluti timachititsa mwambo wa kumaliza maphunziro kwa ana a zaka zisanu, atavala mikanjo ndi zipewa za anthu a digiri. Makolo amalipira mkanjo, keke, wojambula ndi tsitsi. Mwana amene sanadziwebe kumanga zingwe za nsapato amajambulidwa atagwira pepala lokulunga, ndipo chithunzicho chimapachikidwa pabalaza pamwamba pa cha ukwati. Sindikuseka aphunzitsi a m'timasukuluti. Ambiri ndi achinyamata amene anamaliza kukoleji n'kumadikira kulembedwa ndi boma, ndipo malipiro amene amalandira sakwana lendi. Ndikuseka ife makolo, amene timadandaula za mtengo wa buku koma mkanjo wa tsiku limodzi timalipira tikumwetulira.

Anzathu amene anapita patsogolo ndi sukulu amakonda kutikumbutsa za Munali. Sukuluyo ili pamsewu womwewu wa Great East, minibasi yochokera kuno kupita m'tauni imadutsa pomwepo. Inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo inali sekondale yoyamba ya boma ya ana achikuda m'dziko lino. A Kenneth Kaunda anaphunzira kumeneko kuyambira 1941 mpaka 1943. A Rupiah Banda anadutsanso komweko, chimodzimodzi a John Mwanakatwe, nduna yoyamba ya maphunziro dziko litalandira ufulu mu 1964. Ndiye munthu amene anakhalako pa desiki ya ku Munali sayenda ngati ife. Vuto ndi lakuti Chainda ili m'dera la phungu wa Munali, choncho pamaliro kapena paukwati mumamva bambo wovala jekete akunena motsitsa mawu kuti iye ndi wa ku Munali, anthu n'kumusunthira mpando. Mukafufuza mupeza kuti kumeneko amangovotera.

Nkhani imene imatenthetsa gulu kuposa zonse ndi ya chikoti. Boma linachotsa kukwapula ana m'sukulu mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linatsindika kuti n'koletsedwa. Koma mukamva akale akulankhula, mungaganize kuti chikoti chinali mankhwala a nzeru. "Ife tinakwapulidwa, n'chifukwa chake tili chonchi," amatero. Wonena mawuwa kawirikawiri ndi uja amene ankavala makabudula awiri Lolemba lililonse, ndi uja amene anathawa sukulu sabata yathunthu pobisala m'chimanga chifukwa dzina lake linali pamndandanda wa olongolola. Mayi wina pagulu, amene tsopano ndi nesi, anawadula pakamwa. Anati ngati chikoti chimapereka nzeru, bwenzi kalasi lathu litatulutsa madokotala okhaokha, chifukwa palibe kalasi linakwapulidwa ngati lathu. Kunakhala chete, kenaka abambo a chala chachikulu aja anatumiza chala chawo.

Mayi ameneyu sasekedwa wamba pagulu. Anatenga pakati ali ku sekondale, ndipo chikanakhala kale bwenzi sukulu yake itathera pomwepo. Koma kuyambira 1997 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera m'kalasi. Iye anabwerera, mwana akusiya kwa amayi ake, anyamata akumuitana "amake mwana" m'khonde monse. Ena mwa anyamata aja ali pagulu pomwepa, ndipo lero ndi amene amamuimbira foni usiku mwana akatentha thupi, mawu ali ofewa: "Ba sista, pepani kukudzutsani."

Za atsikana zasinthadi. Madala amene ankathamangitsa ana awo aakazi pabwalo la mpira, amvekere mpira ndi wa anyamata, kaphikeni, asintha nyimbo chimvereni kuti Barbra Banda anagulidwa ndi timu ya Orlando Pride ya ku America mu 2024, chaka chomwecho n'kusankhidwa kukhala katswiri wa mpira wa amayi mu Africa muno. Bambo wina akuti wagulira mwana wake wamkazi nsapato za mpira pasalaula, ndipo Loweruka amakaima kumbali kwa bwalo akukuwa malangizo. Mkazi wake akuti bamboyo chibadwire sanamenyepo mpira wopopa.

Aphunzitsi athu akale tinawayendera. Ganizo linali labwino: thumba la unga, mafuta ophikira, shuga, ndi chitenje cha amayi. Amene tinawapeza ndi aphunzitsi a masamu, opuma ntchito kalekale, atakhala pakhonde ndi wailesi yawo. Maso anafooka koma mutu uli bwinobwino. Aliyense anamutchula ndi tchimo lake. Kwa bambo amene anabwera pa galimoto yaikulu anati, "Iwe si uja unkadya vitumbuwa vya anzako pa buleki?" Kwa abusa athu anati, "Mwana wanga, matebulo a seveni unawadziwa tsopano?" Atcheyamani anayamba kuwerenga mawu amene anakonza, onena za kuwala kwa maphunziro, aphunzitsiwo n'kuwaimitsa pakati kuti akonze galamala. Potsazikana anatithokoza ndi mtima wonse, kenaka anafunsa ngati zimbudzi zija za kuseri kwa kalasi la Giredi 4 zinakonzedwa. Tinayang'anana.

Zimbudzizo si nkhani yoseketsa kwenikweni kwa amene anali mu Lusaka kumayambiriro kwa 2024. Kolera inavuta moti sukulu zimene zimayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zinakankhidwira pa 29 Januwale, kenaka pa 12 Febuluwale, ndipo bwalo la National Heroes linasanduka chipatala. Matendawa anakantha kwambiri makomboni kumene zitsime zosaya zimayandikana ndi zimbudzi zokumba, ndipo mvula ikagwa madzi amasakanikirana. Aliyense pagulu anavomereza nthawi imeneyo kuti chofunika pasukulu ndi madzi, thanki ndi zimbudzi zokwanira ana onse aja abwera ndi maphunziro aulere. Mvula itatha, mantha anathanso. Mnzathu wa ku Britain anabwera ndi ganizo lakuti tigule makompyuta, chifukwa dziko lapita patsogolo. Chinali chaka chomwecho cha chilala, madzi atatsika ku Kariba, malaiti akubwera maola atatu patsiku, pena pakati pa usiku. Wowotcherera zitsulo wa pagulu pathu, amene nthawi imeneyo ankagona masana kuti agwire ntchito malaiti akabwera usiku, anafunsa mwaulemu ngati makompyutawo ndi oyendera malasha.

Mndandanda wa malonjezo unalembedwa ndithu. Ndi wautali, ndipo ukamawerengedwa umakoma. Wina K2,000, wina K5,000, wina analemba kuti matumba khumi a simenti "poyambira chabe". Chitulukireni ndalama yapepala ya K500 kumapeto kwa Malichi 2025, malonjezo a K200 anayamba kuchititsa manyazi, anthu n'kumakweza manambala popanda wowakakamiza. Msungichuma wathu, mayi wa gulu losonkherana ndalama la chilimba amene sanataye ngwee ya munthu chiyambire, anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene zinafikadi m'manja mwake n'zochepa moti anachita manyazi kuzilemba pagulu. Komabe mukapita pasukulupo lero mupeza zitseko ziwiri za zimbudzi za atsikana zili ndi mahinjesi atsopano ndi zotsekera. Anaziika ndi wowotcherera uja, ndi zitsulo zotsala pa geti la kasitomala wake. Madesiki othyoka amene anaunjikidwa kuseri kwa ofesi anawakhoma ndi kalipentala wina amene analephera Giredi 7 kawiri, amene pagulu salembapo kanthu chifukwa foni yake ndi yamabatani. Migomo iwiri yosambira m'manja inagulidwa ndi amayi a chilimba. Zithunzi zitatumizidwa pagulu, amene analonjeza simenti uja ndi amene anayamba kulemba kuti tagwira ntchito yaikulu, tisafooke.

Nyengo ya zotsatira za mayeso ili ndi miyambo yake. Kale tinkapita kusukulu kukaona pabolodi, miyendo ikunjenjemera. Lero umatumiza nambala ya mayeso pa foni ku 8383, yankho n'kubwera uli pabedi. Koma zotuluka pafoni ndi zolengezedwa pampopi sizifanana. Pampopi mwana aliyense wa Giredi 12 wapeza mapointi sikisi. Amene mayi ake sakulankhula, mudziwe kuti "wapita kaye kumudzi kukathandiza agogo", ndipo adzaoneka mwakachetechete pamzere wolembetsa mayeso obwereza a GCE. Za likeji aliyense amadana nazo poyera. Anthu amakumbukira Okutobala 2018, pamene boma linaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ana osalakwa n'kuvutika limodzi ndi olakwa. Chaka chilichonse pamamvekabe za mnyamata wina amene anagula pepala pa foni, n'kuloweza mayankho usiku wonse, m'mawa n'kupeza kuti anamugulitsa la chaka chatha.

Amene ana awo afika ku yunivesite ya UNZA ali ndi nkhani zawo. Ndalama ya chakudya ya ophunzira, imene iwo amaitcha BC, inachotsedwa mu 2019 pamene a Nkandu Luo anali nduna ya maphunziro apamwamba, ndipo nthawi yomweyo anali phungu wa Munali, dera lomwe muli yunivesiteyo ndi Chainda yathuyi. Inabwezeretsedwa mu 2023. Makolo akuti chibwerereni BC, mwana amatha mwezi osaimba foni, ndipo akaimba mudziwe kuti yatha. Chodandaulitsa ndi cha pambuyo pake. M'tinyumba ta Airtel Money ndi MTN timene tandandalika m'mbali mwa msewu muli achinyamata a madigiri ndi madipuloma. Amakuwerengerani ndalama mwachangu, Chingelezi chili bwino, ndipo mukawafunsa amati akungogwirizira. Madala a pansolo akamva zimenezi amati nthawi yawo wa Fomu 5 ankapita kaye ku National Service, pobwera ntchito ikumudikira. Saonjezapo kuti nthawi imeneyo ofika Fomu 5 m'komboni yonse unkatha kuwawerenga ndi zala.

Chifukwa cha chisankho cha mu Ogasiti 2026, sukulu yathu yapeza ana ake ambiri amene sitinkawadziwa. Bambo wina wofuna ukhansala analowetsedwa pagulu, n'kulemba uthenga wautali wonena momwe sukuluyi inamuumbira. Palibe amene akumukumbukira. A chaka chimene iye anatchula akuti mwina anali wa masana, a masana akuti mwina anali wa m'mawa. Nesi uja anamufunsa funso limodzi lokha, lakuti amayi amene ankagulitsa mafiriziti pageti ankakhala mbali iti, kumanja kapena kumanzere. Anayankha kuti nkhani zachitukuko n'zofunika kuposa zakale, ndipo analonjeza mpira ndi majezi. Majeziwo afika. Ali ndi nkhope yake kumsana.

Chatsala ndi phwando lokumana akale onse, limene lakhala likukonzedwa kuyambira nthawi ya korona. A kumayadi akufuna likachitikire pa loji ina ku Ibex Hill, aliyense alipire pakhomo, pakhale nyama yowotcha ndi woimbitsa nyimbo. A mu Chainda akuti ndalama ya pakhomoyo ndi unga wa mwezi, lichitikire pabwalo la sukulu, aliyense abwere ndi mbale yake. A ku Britain akufuna Disembala, a mpingo wa Sabata akana Loweruka, a mipingo ina akana Lamulungu, ndipo ogulitsa pamsika akuti pakati pa sabata sangatseke malonda. Anasankha komiti yoti isankhe tsiku. Komitiyo iyenera kukumana Lachisanu likudzali, 17 koloko, pa kantemba ka wowotcherera uja, chifukwa ndi iye yekha amene wavomera kupereka mabenchi. Atcheyamani atumiza kale uthenga wopepesa kuti ali ndi maliro ku Chongwe, ndipo gulu layamba kusonkha.